Miyendo ya Akulu a Mpingo wa pa Kamwala

Esnati ndi Lameki, ana anga, ndi inu adzukulu amene mumandiseka kuti ndikamalemba lilime limatuluka, za ubwana wanga ndazidumpha dala. Ndinali mwana ngati ana ena onse, zipsera m'mawondo, sukulu mpaka Sitandade 5, pamene ine ndi masamu ogawa tinagwirizana kuti tisavutitsane. Chimodzi chokha musunge, poti chifunika kutsogoloku. Ndevu zitangoyamba kumera, amalume ananditengera kudambwe, kumalo kuja amuna a gule wamkulu amakumana kuseri kwa manda, ndipo ndinalowa monga ankalowera anyamata onse a kwathu. Ndinalumbira kuti za kumeneko, ndi maina a olowa, sindidzaulula. Musandifunse. Mayi anu, Naphiri, afunsa zaka makumi anayi, ndipo chimene apezapo ndi kutsokomola kwanga basi.

Zaka za ku esiteti, ku Lukwa

Ntchito yanga yoyamba inali pa esiteti ya fodya ku Lukwa. Anandilemba kuti ndizinyamula mitengo yomangira zigafa zoyanikamo fodya, koma mmisiri wa pamenepo, a Binwelo, maso anali atayamba kuwathawa, moti nyundo inkapeza chala chawo kawirikawiri kuposa msomali. Tsiku lina anangondiponyera nyundoyo n'kunena kuti, "Zala zanga zatha, tiyambeko zako." Umisiri ndinauyamba choncho. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinamanga zigafa, kukonza jeke yodindira mabelo, kupala zitseko za nyumba za akalaliki. Malipiro anali oti ukagula sopo, mchere uuiwale, koma tinali anyamata ndipo tinkaseka ndi njala yomwe.

Vuto langa linali dzanja. Kudambwe kuja ndinaphunzira kuimba mbalule, ng'oma imene imalankhula ndi miyendo ya chilombo chikamavina pabwalo. Mbalule ikaitana, mwendo umayankha. Tsono dzanja likaphunzira zimenezo silimva kuti lero lagwira nyundo. Ndikakwera pamwamba pa chigafa, kukhoma kwanga kunkatuluka kwa pabwalo, azimayi osankha fodya pansipo n'kuyamba kugwedeza mapewa, fodya wabwino n'kumagwera pamulu wa zinyenyeswa. Kapitawo wathu, a Matewere, munthu wamfupi wa wezulo m'khosi, anaima pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Mwale, ukukhoma denga kapena ukuitana zilombo?"

"Ndikukhoma, bwana."

"Khoma ngati munthu wopemphera."

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la Fanuwelo linapuma. Ndinakhala Kanyundo, ndipo ngakhale apongozi anga anamwalira akudziwa lomwelo.

Zaka za njinga ndi misomali yopindika

Amene anandichotsa pa esiteti ndi Abusa Kachingwe, bambo wamtali woseka ndi thupi lonse. Anabwera kudzapempha mitengo yotsala ndipo anandipeza padenga. Mpingo unkafuna mmisiri wakewake woyendayenda kufolera matchalitchi ndi kukhoma mabenchi. Koma wantchito wa mpingo ayenera kukhala wobatizidwa, ndiye ndinalowa kalasi. Tsiku lofunsidwa mafunso abusa anandiitanira pambali.

"Kanyundo, kukhoma kwakoko ndakumva. Unalowa?"

"Ndinalowa, abusa."

"Ukupitabe?"

"Ndasiya."

"Ndiye za kale zikhale za kale. Ine sindikufunsa zimene unaona. Koma usadzandinamize, ndipo nyundo yakoyo uiphunzitse nyimbo za kuno."

Ndinalonjeza pamaso pa Mulungu kuti mpingo sindidzaunamiza. Werengani bwino, ana inu: malumbiro akhala awiri tsopano, lina la kuseri kwa manda, lina la pamadzi a ubatizo. Zaka zambiri awiriwa anakhala m'chifuwa mwanga ngati mitala yogwirizana, osakangana ngakhale tsiku limodzi.

Anandipatsa njinga ndi bokosi la zida n'kunditumiza ku Kaluluma. Kumeneko anthu amasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo ine ndinagwira mawu amodzi okha, akuti yewo, othokozera. Ndinkangoti yewo paliponse, pondipatsa madzi, pondilondolera njira, ngakhale pondikalipira, mpaka anthu anayamba kunena kuti mmisiri watsopanoyu ndi waulemu kuposa abusa. Iwe Esnati unabadwira kumeneko. Misomali inasowa zaka zimenezo. Abusa ankalengeza Lamulungu lililonse kuti wotola msomali panjira abwere nawo, moti m'mbale ya chopereka munkagwa misomali yadzimbiri, ine n'kumaiwongola pamwala Lolemba lonse. Matchalitchi anayi a kumeneko aimirira ndi misomali ya m'mbale, ndipo palibe limodzi la madenga amenewo limene mphepo inasasula.

Kenaka anandisamutsira pa Kamwala, kufupi ndi Njombwa, n'kundipatsa nyumba ya mpingo kuseri kwa tchalitchi. Naphiri anadzala mango anayi ndi mapapaya. Ndinaonjezeredwa ntchito yoliza belu. Kumeneko ndinapeza mnzanga wa pamtima, a Filipo, mlimi wa fodya amene ankaimbira kwaya ng'oma. Tinati tafika, tidzakalambira pano.

Makuponi atabwera

Amene simunaone zaka zoyamba za makuponi a feteleza simungamvetse. Mvula inagwa bwino, matumba awiri a feteleza amene tinkagula ndi makuponiwo anagwira ntchito, ndipo anthu amene m'nkhokwe zawo munkagona nkhuku anabwera kudzandipempha kuti ndiwakulitsire. Mpingo unakolola nawo. Masika a chaka chimenecho chimanga chinadzaza chipinda cha akulu mpaka pawindo, ndipo tinapangana kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa zootcha. Aliyense anaumba. A Filipo okha anapereka ngolo yawo ndi ng'ombe ziwiri miyezi itatu kututa mchenga.

Koma chimanga chikachuluka sichipita kutchalitchi kokha. Anthu amene makolo awo anagona zaka zambiri popanda chiliza anati tsopano timange. Chiliza chimafuna mowa, ndipo kwathu kuno chimafunanso gule. Tikangokolola, Loweruka lililonse ng'oma zinkamveka, uku kapena uko. Akhristu ankapita. Ungaleke bwanji chiliza cha atate ako omwe? Loweruka pabwalo, Lamulungu pabenchi, ndipo Abusa Kachingwe ankangoti, "Ena mwa inu mawu asasa, kaya munali kukwaya yakuti," anthu n'kuseka, nkhani n'kutha.

Kenaka Abusa Kachingwe anapuma ntchito. M'malo mwawo munabwera Abusa Tembenu, mnyamata wa m'tauni, wophunzira, wamtima wabwino, woopa agalu. Gule anali atangomuona pachithunzi. Munthu wosadziwa malo amatsamira amene wayamba kumulandira, ndipo amene anayamba ndi a Jekapu Banda, mlembi wa mpingo. A Jekapu anali mkamwini wochokera kutsidya kwa Bua. Ankavala tayi ngakhale popita kukathyola fodya, ndipo chiganizo chawo chilichonse chinkayamba ndi mawu akuti, "Ine amene ndinakulira m'nyumba ya mlaliki." Moni wawo unali wa mawu awiri, osaima. Palibe amene ankadziwa zambiri za kwawo.

Chaka chimene mafuta anasowa

Loweruka lina a Jekapu, akudutsa pa njinga, anaona a Filipo ndi madikoni awiri ataima pambali pa oimba ng'oma pa chiliza cha amalume awo a a Filipo. Lamulungu lake anaimirira ndi pepala. Akulu a mpingo anagamula kuti aliyense amene analowapo gule, kaya dzulo kaya zaka makumi atatu zapitazo, aimirire kutsogolo, alape, atchulenso amene analowa nawo. Kulapa anthu akanalapa. Koma kutchula ena ndiko kunali kuswa lumbiro, ndipo a Filipo anatola chipewa chawo n'kutuluka. Anthu ambiri anawatsatira, ena olowa, ena osalowa amene anangoipidwa. Anayamba kupemphera m'chigafa cha a Filipo, kuseri kwa munda wa mpingo, pansi pa fodya wolendewera.

Mudzi unagawika, a m'tchalitchi ndi a m'chigafa. Mwamuna kuchigafa, mkazi kutchalitchi, ana kumene kwaphikidwa maungu. A m'chigafa anatenga oimba ng'oma onse, poti ng'oma kuno siphunziridwa ku Sande sukulu. Ife tinatsala ndi mabenchi ndi belu. Tsono belu silisankha makutu. Ndikaliza, a m'chigafa nawonso ankayamba mapemphero awo. A Jekapu anandiitana n'kundiuza kuti ndizililiza pang'onopang'ono kuti aja asapindule nalo. Ndinayesa Lamulungu limodzi. Kuchigafa kunadzaza monga mwa masiku onse, kutchalitchi kunabwera anthu asanu ndi anayi ndi abusa.

Ine ndinali padenga la tchalitchi chatsopano masiku amenewo, kukhoma ngati munthu wopemphera. Kutatsala milungu itatu kuti titsegulire, akulu anandiitana kuchipinda chawo. A Jekapu ndiwo analankhula.

"A Kanyundo, inu munavomera kale pobatizidwa kuti munalowa. Olowa mumadziwana. Apita kuchigafa aja tawaona, koma muno mwatsala ena obisala, akudya nafe mgonero. Tikufuna maina."

"Maina ndimaiwala, a mlembi. Zimene zimakhala m'mutu muno ndi miyezo ya zitseko."

"Nyumba imene mumagonamo ndi ya yani?"

"Ya mpingo."

"Njinga?"

"Ya mpingo. Koma matayala ndinagula ndine."

Palibe anaseka. Ndinayang'ana akulu ena asanu ndi awiri aja, ndipo ena mwa iwo anapeza chinthu chofunika kwambiri pa zikhadabo zawo. Abusa Tembenu analankhula mofatsa, ndipo ndinaona kuti sizikuwakomera. "Bambo Mwale, sitikufuna kukuzunzani. Koma wantchito wa mpingo sangabisire mpingo. Tsiku lotsegulira mundipatse pepala. Likapanda kubwera, ntchito yanu ithera padengapo, ndipo nyumba tipatsa wina."

Zinali zitanditsalira zaka zinayi kuti ndipume. Munda wanga ndinalibe, wakwathu abale anagawana kalekale. Ndinapeza Naphiri pakhonde akusenda mtedza, dzuwa likadali pamutu, n'kumufotokozera zonse.

"Ndiye mulemba?"

"Ndikalemba, pamaliro anga adzakumba ndani? Ndipo anthu amenewa anandilakwira chiyani? Ena analowa ali ana, ngati ine."

"Mukapanda kulemba tikagona kuti?"

"Kwanu. Ndikakhale mkamwini wa imvi."

"Kwathu nkhokwe zilipo kale. Safuna mmisiri wokhoma moimba."

Ndinamuuza nzeru imene ndinabwera nayo m'njira, yolemba maina a anthu akufa okhaokha. Anaika lichero pansi. Anati kunamiza abusa ndi tchimo limene ndinalonjeza kusachita, ndipo kunamizira akufa ndi kuputa anthu amene sagona. Apo ndiye mitala yanga ija inakangana koyamba. Lumbiro lina likuti usaulule, lina likuti usaname, ndipo nyumba ili pakati. Masiku atatu ndinkakhoma malata mokhota, chakudya osachimva kukoma. Tsiku lachinayi Naphiri anandibweretsera thobwa pansi pa makwerero n'kunena kuti, "Abambo a Esnati, lembani zimene zili zanu. Za eni ake asiyireni eni ake. Mango tikadzala ena." Pobwerera kunyumba ndinapeza wayamba kale kumanga miphika m'chitenje. Mkazi ameneyu ndimamuseka zambiri m'buku lino, koma pano ndavula chipewa.

Ndinang'amba tsamba m'kope la iwe Lameki n'kulemba dzina limodzi: Fanuwelo Mwale.

Tsiku lotsegulira linali mu Okutobala, kutentha koti mbuzi zinkabisala pansi pa ngolo. Tchalitchi chinali chokongola, denga likunyezimira, koma pansi panalibe simenti. Malole anali ataima chifukwa chosowa mafuta, ndipo simenti sinafike miyezi isanu. Amayi a mpingo, aja amakumana Lachinayi, anafuna kuzira ndi dothi monga timachitira m'nyumba, koma a Jekapu anakana, anati tchalitchi cha malata sichizira ngati khitchini. Ndiye anangowaza madzi m'mawa, ndipo pofika nthawi ya mapemphero panali pataumanso, fumbi losalala ngati ufa.

Pepala ndinapereka pakhomo. Abusa analiika m'thumba la jekete osalitsegula, anati aliwerenga tikatuluka. Ndinaona Abusa Kachingwe atafika ngati mlendo wolemekezeka, atakalamba, ndodo m'manja. A m'chigafa nawo anabwera, koma sanalowe. Anaima padzuwa kunja kwa mawindo, kuyang'ana njerwa zimene anaumba ndi manja awo.

Popeza oimba ng'oma kunalibe, a Jekapu anabwereka kiyibodi kuboma, ndi jenereta yomwe. Jenereta inatsokomola kawiri n'kuti zii. Petulo analipo wongokwana kunyowetsa mpango. Kwaya inaima kutsogolo ngati ana amasiye. Abusa anafunsa ngati pali wina wodziwa ng'oma, ndipo amuna onse odziwa anayang'ananso zikhadabo, poti kuvomera kunali kudzilemba wekha papepala. Mawu anachokera kumbali ya amayi, ndipo anali a Naphiri.

"Abambo a kwathuwa amadziwa. Iwo ndiye alibenso choti abise."

Ndinatenga ng'oma ya kwaya, n'kukaiwamba pamoto wa amayi ophika mpaka inalira bwino. Mumtima ndinati ntchito yatha kale, nditsazike ndi nyimbo yabwino. Akulu asanu ndi atatu anaimirira mondandana kutsogolo, a Jekapu patsogolo penipeni atanyamula kiyi wa tchalitchi pambale, woti apereke kwa abusa nyimbo ikatha.

Ndime yoyamba ndinaimba ngati mkhristu. Yachiwirinso. Pa yachitatu ndinaponya maso pawindo n'kuona a Filipo, thukuta lili chuchuchu, akugogoda ndi zala pachishalo cha njinga yawo. Sankadziwa n'komwe kuti akugogoda. Koma kugogodako kunali kwa ng'oma yaing'ono imene imayalira mbalule njira. Ana inu, anthu akhala akundifunsa ngati ndinachita dala. Ine ndikuti dzanja linamva mnzake akuitana ndipo linayankha. Nyimbo inali yomweyo, mawu a Mulungu omwewo, koma pansi pake panalowa za pabwalo.

Oyamba kugwidwa anali amayi. Kuwomba m'manja kunasintha, kunakhala kuja amawombera ataima m'mphepete mwa bwalo, ndipo amayi a Lachinayi ndi mipango yawo yoyera ndiwo anatsogolera. Kwaya inakoma mmene sinakomerepo. Abusa Tembenu ankamwetulira, akugwedeza mutu, poganiza kuti Mzimu watsika. Mapewa a madoda anayamba kuyenda okha. Tsono mbalule ili ndi malo ena pamene imadula, imaitana katatu n'kusiya mpata, ndipo mumpata umenewo wovina amapalasa pansi ndi phazi. Munthu wosalowa amangomva ng'oma. Wolowa, ngakhale patapita zaka makumi anayi, mwendo suyamba wafunsa mutu.

Ndinaitana katatu. Ndinasiya mpata.

Kutsogolo kuja fumbi linangoti koboo. Mwa akulu asanu ndi atatu, amene anaima chilili anali awiri okha. Enawo anapalasa, wina pang'ono, wina mwamanyazi. Koma a Jekapu Banda, amene anakulira m'nyumba ya mlaliki, anapalasa mwaukatswiri, kumanja, kumanzere, n'kutembenuka ndi chiuno chotsika, mbale ili m'manja, kiyi osagwa. Ine ndaona ovina ambiri. Kupalasa kumene kuja munthu saphunzira poonerera. Nsapato yawo yakumanja inavuka, inauluka, n'kukagwa pamapazi pa Abusa Kachingwe.

Dzanja langa linaima. Fumbi linkatsika pang'onopang'ono pa tayi ya a Jekapu. Abusa Kachingwe anawerama movutikira, anatola nsapato ija, anaiyang'ana pansi ndi pamwamba.

"A Banda, nsapato iyi inaphunzira kutali."

Amene anayamba kuseka ndi akazi awo a a Jekapu. Anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi momwemo, akunena kuti, "Zaka makumi atatu ndikumva za nyumba ya mlaliki. Kani mlalikiyo ankalalikira kuseri kwa manda." Apo ndiye tchalitchi chinaphulika. Amayi nthungululu, madoda kugwirana mapewa, a m'chigafa kunja akulendewera m'mawindo, misozi ili mbwembwembwe. Abusa Tembenu okha ndiwo sankadziwa chachitika, mpaka Abusa Kachingwe anawanong'oneza. Ndinaona nkhope ya mnyamata uja ikusintha. Anayang'ana akulu awo mmodzimmodzi. Kenaka anapisa m'thumba, anatulutsa pepala langa, analitsegula, n'kuliwerenga mokweza.

"Fanuwelo Mwale." Analitembenuza kuti aone kuseri. "Basi?"

"Basi, abusa. Limenelo ndiye langa. Enawo ndi a eni ake."

Abusa Tembenu anapinda pepala lija. Ine mtima unali pa miphika ya Naphiri. Ndiye anati, "Ndinapempha maina, ndapatsidwa miyendo. Ndikachotsa onse amene apalasa pano, nditsala ndi akulu awiri ndi jenereta yakufa. Ndinagamula nkhani imene sindinkaidziwa, ndipo ndalakwira anthu amene ali padzuwa panjapo. Tsegulani chitseko chonse, alowe. Njerwazi ndi zawo."

Analowa. A Filipo anabwera molunjika kwa ine, anandilanda ng'oma n'kunena kuti, "Bwera nayo kuno, ungatigwetsere denga." Mapemphero anatha dzuwa litapendeka, ndipo sindinaonepo anthu akudyera limodzi mokondwa ngati tsiku limenelo. A Jekapu sanadye. Anavala nsapato yawo n'kupita.

Musaganize kuti ndinatuluka wopanda chilango. Akulu anakumana, Abusa Kachingwe ali pakati pawo, ndipo anandiimitsa mgonero miyezi itatu chifukwa choimba za pabwalo m'nyumba ya Mulungu. Ndinavomera, poti ndinalakwadi. Koma ntchito inatsala, nyumba inatsala, ndipo Naphiri anamasula miphika akudandaula kuti ndamugwiritsa ntchito yachabe. Akulu aja anagamulanso kuti zimene munthu anachita asanabatizidwe asafunsidwe, ndipo wina asakakamizidwe kutchula mnzake. Amene akupitabe kudambwe azibwera kudzamva mawu, koma azikhala benchi ya kumbuyo mpaka atasankha okha. Benchi imeneyo anandiuza kuti ndikhome ndine. Ndinaikhoma ya mlombwa, yotsamira, yosalala kuposa ya akulu, moti masiku oyamba ankailimbirana ndi osalowa omwe.

Si onse anabwerera. Mabanja ena anati mawu amene ananenedwa sangabwezedwe, ndipo anakhalabe paokha mpaka lero. Ali ndi tchalitchi chawo cha malata tsidya la dambo. Anafolera ndine, Loweruka, abusa akudziwa. Belu timagawanabe.

A Jekapu anatula ulembi okha. Ndipo simenti ija imene inasowa miyezi isanu inapezeka mlungu womwewo. A Jekapu omwewo anakaitenga okha kuboma pa ngolo, maulendo atatu, ndi ndalama za fodya wawo, n'kuimirira pamenepo mpaka amisiri atatsiriza kona yomaliza.

Chaka chopuma ntchito

Zaka zinayi zija a Jekapu sanandilankhule. Tikakumana panjira ankayang'ana chimanga cha eni ake. Ine sindinawaseke ngakhale kamodzi pamaso pawo, ngakhale kuti kumbali ndinkadzithandiza. Ndinkawamvera chisoni. Munthu kubisa mwendo wotere zaka zonsezo, kuuveka sokosi ndi nsapato yopolisha, si ntchito yaing'ono. Tayi anasiya kuvala kumunda. Lamulungu lina ndinawaona atakhala benchi ya kumbuyo, popanda wowatuma, ndipo anakhala pamenepo miyezi ingapo.

Tsiku londitsazika mpingo unandipatsa njinga ija kuti ikhale yangayanga, ndi malo omangapo nyumba ino. Panali zolankhula zambiri. Abusa Tembenu, amene tsopano agalu a pa Kamwala onse amawadziwa, ananena kuti ndinawaphunzitsa zimene kusukulu ya ubusa kulibe. Anthu atayamba kubalalika ndinakhala pa benchi ya mlombwa ija kupumitsa miyendo. Ndinangoona munthu wakhala pambali panga. A Jekapu, imvi zili mbuu, tambala wofiira m'khwapa. Anamuika pamiyendo panga osandiyang'ana. Tinakhala choncho, tonse maso kuguwa, tambala akuphethira.

Kenaka anayang'ana uku ndi uku, anasendera pafupi, n'kunena chapansipansi.

"A Kanyundo, pali mawu amene ndawasunga zaka zinayi."

"Nenani, a Banda. Ndakonzeka."

"Tsiku lija munathamanga. Poitana kachitatu paja mumayenera kudikira pang'ono. Kwathu mukanaimba choncho, akanakulandani ng'oma."

Ndinati, "Ndionetseni."

Ndipo mkulu uja, m'tchalitchi chopanda anthu, anagogoda ndi zala ziwiri pa benchi yanga, katatu, n'kusiya mpata. Ana inu, anali kunena zoona. Ndinathamangadi. Mapazi athu anayi anayankhira limodzi pansi pa benchi, koma simenti yawo ija inali yolimba, ndipo fumbi silinatuluke.